Tapulumutsa moyo wa khanda, nanga maso ake tawasiyira ndani?

Pa 15 November chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira ana obadwa masiku asanakwane. Kwa ife Amalawi tsikuli likutikhudza kwambiri. Malinga ndi chiwerengero chomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2023, ana pafupifupi 13.4 miliyoni anabadwa mu 2020 asanakwanitse masabata 37 m'mimba. Padziko lonse ameneyo ndi mwana mmodzi mwa 10 alionse. Kuno kwathu chiwerengero chinaikidwa pa ana 14.5 mwa 100 alionse, kutanthauza mwana mmodzi mwa 7, ndipo tili m'gulu la maiko omwe vutoli ndi lalikulu kuposa kwina konse, pamodzi ndi Bangladesh ndi Pakistan. Palibe mudzi, palibe mzikiti, palibe sukulu yomwe ilibe banja lomwe linagonapo ku nazale ya chipatala kudikirira kakhanda kolemera ngati paketi imodzi ndi theka ya shuga.

Alhamdulillah, makanda ambiri otere masiku ano akupulumuka. Chisamaliro cha kangaroo, chomwe mayi amaika mwana pachifuwa thupi ndi thupi, chinayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo chinafika ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Lero chili m'zipatala za m'maboma. Makina othandiza khanda kupuma otchedwa Pumani anapangidwa ndi akatswiri a Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kafukufuku woyamba pa chipatalachi anaonetsa kuti makanda ovutika kupuma omwe anaikidwa pa makinawa anapulumuka 71 mwa 100, pomwe omwe analandira okosijeni wa m'mphuno yekha anapulumuka 44 mwa 100. Kuyambira 2019 ntchito ya NEST360 yakhala ikuika zipangizo ndi kuphunzitsa anamwino m'manazale a Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria. Zonsezi n'zoyenera kuthokoza.

Koma mbiri ya zaumoyo ili ndi chenjezo lomwe tiyenera kulimva tsopano. Pafupifupi dziko lililonse lomwe linayamba kupulumutsa makanda aang'ono chonchi linakumana, patapita zaka zochepa, ndi ana ambiri osaona. Matenda ake madokotala amawatchula kuti retinopathy of prematurity, mwachidule ROP. Amagwira makanda obadwa masiku asanakwane okha, saoneka ndi maso a kholo, ndipo nthawi yowachiza ndi masiku owerengeka. Maganizo athu ndi akuti kupima maso kuyenera kukhala gawo la chisamaliro cha ku nazale mofanana ndi kupima thupi pa sikelo, ndipo ntchitoyi singatheke ngati mabanja ndi anthu a m'mudzi sakuidziwa.

Chimachitika n'chiyani m'diso la khanda

Kuseri kwa diso, mkati, kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. Ndi komwe kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Kachikopaka kamadyetsedwa ndi timitsempha ta magazi, ndipo timitsemphato timayamba kumera mwana ali ndi masabata pafupifupi 16 m'mimba. Timayambira pakati, pamene mtsempha waukulu wa diso umalowera, n'kumayanga pang'onopang'ono kupita m'mbali ngati mmene dzungu limayangira m'munda. Timamaliza ulendowu pafupi ndi nthawi yeniyeni yobadwira, masabata 40. Choncho mwana wobadwa pa masabata 28 kapena 30 amabwera ndi diso lomwe m'mbali mwake mulibe mitsempha.

M'mimba mwa mayi okosijeni amafika kwa mwana mochepa komanso mosasinthasintha, ndipo mitsempha ya diso inalengedwa kuti izikula m'malo otero. Mwana akabadwa msanga amalowa mumpweya wokhala ndi okosijeni wochuluka, ndipo akavutika kupuma amamuonjezera wina. Mitsempha ija ikaona okosijeni wambiri imaima kukula, ina imafota kumene. Patapita masabata angapo retina yakula ndipo ikufuna chakudya, koma mbali ija ilibe mitsempha. Pamenepo imatulutsa mochuluka chinthu chotchedwa VEGF, chomwe ntchito yake ndi kuitana mitsempha yatsopano. Mitsempha yobwera mwa phuma imeneyi ndi yofooka. Imamera mosalongosoka, imatuluka magazi, imasiya zipsera, ndipo zipserazo zikamakokana zimamatula retina pamalo pake. Retina ikamatuka yonse mwana saonanso.

Madokotala amagawa matendawa m'magawo asanu, potsata mgwirizano womwe unayamba mu 1984 ndipo unakonzedwanso mu 2005 ndi mu 2021. Gawo 1 ndi 2 ndi pamene pangooneka mzere kapena kamtumbira pamalire a mbali yokhala ndi mitsempha ndi yopanda mitsempha. Gawo 3 ndi pamene mitsempha yolakwika yayamba kumera. Gawo 4 retina yayamba kumatuka, gawo 5 yamatuka yonse. Amayang'ananso kuti matendawo ali pafupi bwanji ndi pakati pa diso, komanso ngati mitsempha yapakati yatupa ndi kupindikapindika, chomwe ndi chizindikiro chakuti zinthu zikuthamanga.

Tifunika kugwira mfundo ziwiri apa. Yoyamba ndi yotonthoza: makanda ambiri omwe amayamba ROP amachira okha popanda chithandizo chilichonse. Yachiwiri ndi yowawa: palibe njira yodziwira kunja kuti mwana uyu ali m'gulu liti. Diso silifiira, silitupa, silituluka mafinya, mwana salira nalo. Kholo limadzazindikira pakapita miyezi, pamene mwana sakutsata nkhope ya mayi ake, maso akungoyendayenda, kapena pakati pa diso payera ngati ng'ala. Apo nthawi imakhala itatha kale.

Phunziro lomwe ena analipira ndi maso a ana awo

Matendawa anafotokozedwa koyamba mu 1942 ndi dokotala wa maso Theodore Terry wa ku Boston. Inali nthawi yomwe zipatala za ku America ndi ku Ulaya zinayamba kugoneka makanda m'mabokosi ofunditsa odzaza okosijeni, pokhulupirira kuti wochuluka ndiye wabwino. M'zaka 10 zotsatira ana pafupifupi 10,000 anachita khungu, ambiri a iwo ku America. Mmodzi mwa ana a nthawi imeneyo ndi woimba wotchuka Stevie Wonder, yemwe anabadwa mu 1950 masiku asanakwane. Mu 1951 dokotala wa ana Kate Campbell wa ku Melbourne anaona kuti makanda omwe analandira okosijeni wambiri ndiwo ankadwala kwambiri, ndipo kafukufuku wa Arnall Patz ndi V. Everett Kinsey ku America anatsimikiza zimenezo.

Zomwe zinachitika pambuyo pake n'zofunikanso kuzidziwa. Zipatala zinachita mantha n'kuchepetsa okosijeni kwambiri. Khungu linachepadi, koma makanda ambiri anayamba kumwalira ndipo ena anaonongeka ubongo. Anthu anathawa dzenje limodzi n'kugwera lina. Funso la mlingo woyenera linapitirira mpaka m'zaka zathu zino, pamene makafukufuku asanu a ku America, Canada, Britain, Australia ndi New Zealand anatsata makanda pafupifupi 5,000 obadwa asanakwane masabata 28. Ena anawasunga pa mlingo wa okosijeni wa m'magazi wa 85 mpaka 89 pa 100, ena pa 91 mpaka 95. Zotsatira zophatikiza zomwe zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti mlingo wotsika unachepetsa ROP yofuna chithandizo koma unachulukitsa imfa. N'chifukwa chake manazale ambiri lero amasunga khanda pakati pa 90 ndi 95, osatsika komanso osapitirira.

Tikutsindika izi chifukwa nkhani ngati ino ikamveka theka imapha. M'nthawi ya Covid-19 tinamva mphekesera zoti okosijeni ndiye amamaliza odwala, ndipo ena ankathawa zipatala. Kholo lisayerekeze kuchotsa kachubu m'mphuno mwa khanda kapena kukana makina poopa khungu. Okosijeni ndi amene wasunga moyo wa mwanayo. Chomwe chikufunika n'chakuti aziperekedwa ngati mankhwala ena onse, pa mlingo wake ndiponso moyezedwa.

Mliri wachitatu ukusendera

Akatswiri amanena za miliri itatu ya ROP. Woyamba ndi uja wa zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Wachiwiri unabwera m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 m'maiko olemera, pamene luso linakwera n'kuyamba kupulumutsa timakanda tosakwana kilogalamu imodzi, tomwe maso ake ndi osakhwima ngakhale chisamaliro chikhale chabwino chotani. Wachitatu unayamba m'zaka za m'ma 1990 ku Latin America ndi kum'mawa kwa Ulaya, kenako India ndi China. Maiko amenewa anatsegula manazale ambiri mofulumira, koma anamwino anali ochepa, zipangizo zoyezera okosijeni zinali zosakwanira ndipo madokotala a maso sanali m'dongosolo. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Hannah Blencowe anayerekeza kuti mu 2010 mokha makanda pafupifupi 184,700 padziko lonse anadwala ROP, ndipo 20,000 mwa iwo anachita khungu kapena anatsala ndi vuto lalikulu la kuona.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati ROP kulibe mu Africa ya kum'mwera kwa Sahara, kupatula South Africa. Chifukwa chake chinali chomvetsa chisoni: makanda omwe akanadwala ankamwalira asanafike msinkhu woti matendawo aoneke. Lero zinthu zasintha. Madokotala a ku Nigeria, Kenya, Rwanda, Ghana, Uganda ndi Ethiopia alemba za makanda omwe awapeza ndi ROP, ena atachita kale khungu. Makina opangira okosijeni achuluka m'zipatala, makamaka chichitikireni Covid-19. Njira yomwe tikuyenda ndi yomweyo yomwe India ndi Brazil anadutsa, ndipo mwayi wathu ndi wakuti tikudziwa pomwe anapunthwa.

Mliri wachitatu uli ndi khalidwe lake lomwe tiyenera kulisamala. Ku America amapima makanda obadwa pa masabata 30 kapena kuchepera, kapena olemera magalamu 1,500 kutsika pansi. Ku Britain malire ndi ofanana ndi amenewa. Koma komwe okosijeni sayezedwa bwino, ngakhale makanda okulirapo amadwala, ena ndi mtundu woopsa wothamanga kwambiri. N'chifukwa chake India anakweza malire ake kufika pa masabata 34 kapena magalamu 2,000, pomwe South Africa anaika pa masabata 32 kapena magalamu 1,500. Dziko longa lathu likangokopera malire a ku America likhoza kusiya panja makanda ambiri omwe ali pachiopsezo. Vuto lina n'lakuti amayi ambiri amayamba sikelo mochedwa ndipo masabata enieni a mimba sadziwika bwino, choncho kulemera kwa mwana pobadwa ndiye muyeso wodalirika kwambiri kwa ife.

Kupewa kumayambira pa bedi la khanda

Mpweya womwe tonse timapuma uli ndi okosijeni 21 pa 100. Wochokera m'silinda ndi pafupifupi 100 pa 100, ndipo wa makina a concentrator umapitirira 90. Khanda losakhwima silifuna wonsewo nthawi zonse. Pamafunika njira yosakanizira okosijeni ndi mpweya wamba, komanso kachipangizo kotchedwa pulse oximeter, komwe amakamangirira kuphazi kapena kudzanja kuti kazionetsa mlingo wa m'magazi usana ndi usiku. Kachipangizoka kamalira mlingo ukatsika, ndipo kayenera kuliranso ukakwera kupitirira 95. Diso la munthu silingathe ntchitoyi. Mwana wosowa okosijeni amasintha mtundu, koma mwana yemwe walandira wopitirira muyeso amaoneka bwinobwino.

Apa nkhani ya maso ikusanduka nkhani ya bajeti. Namwino mmodzi akamasamala makanda ambiri usiku wonse, oximeter imodzi ikuyenda bedi ndi bedi, makanda angapo akugawana concentrator imodzi, magetsi akuzimazima, n'kosatheka kusunga mwana aliyense pa mlingo wake. Sitikuloza chala anamwino, omwe ambiri akugwira ntchito ya anthu atatu. Tikunena kuti yemwe akugula makina a okosijeni, kaya ndi boma, bungwe kapena munthu wakufuna kwabwino, agulenso zoyezera zake ndi timawaya take ta makanda, popeza timatha msanga. Mphatso ya concentrator yopanda oximeter ndi mphatso yosakwanira.

Zinthu zinanso zimachepetsa chiopsezo. Matenda olowa m'magazi, kusakwera sikelo ndi kuikidwa magazi kawirikawiri zimachulukitsa ROP. Kusamba m'manja musanagwire khanda, mkaka wa m'mawere ngakhale wofinyira m'kapu, kufunditsa mwana pachifuwa, ndi jakisoni yemwe amabaya mayi matenda akayamba nthawi isanakwane kuti mapapo a mwana akhwime, zonsezi zimathandiza kuti mwana asakhalitse pa okosijeni. Kafukufuku wa WHO yemwe anachitika ku Malawi, Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti kuyamba kangaroo mwana atangobadwa kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi pakati pa makanda olemera kilogalamu 1 mpaka 1.8. Mayi yemwe wakhala maola ambiri khanda lili pachifuwa akugwira ntchito ya chipatala, ndipo abambo, agogo ndi azakhali angamulandire.

Kupima ndi kuchiza: masiku ndi owerengeka

Kupima koyamba kumachitika mwana akakwanitsa pafupifupi masabata anayi chibadwire. Ku India anaphweketsa uthengawu kuti aliyense augwire: khanda lipimidwe maso lisanapitirire masiku 30, ndipo timakanda tating'onotong'ono tipimidwe msanga kuposa apo. Amadontheza mankhwala otukula kamwanadiso ndi ena oletsa ululu, amatsegula zikope ndi kachitsulo kakang'ono, dokotala n'kuyang'ana mkati ndi nyali ya pamutu ndi galasi. Zimatenga mphindi zochepa. Mwana amalira ndipo zikope zikhoza kutupa pang'ono, koma diso silionongeka. Kupima kamodzi sikokwanira. Amabwereza sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse mpaka mitsempha itamaliza kuyanga kapena matenda atabwerera okha.

Dokotala akapeza kuti matenda afika poyenera chithandizo, malangizo a maiko ambiri amati chichitike pasanathe maola 48 mpaka 72. Njira yoyamba yomwe inatsimikizika, mu 1988, inali youmitsa ndi chisanu mbali ya retina yopanda mitsempha, ndipo inachepetsa ndi pafupifupi theka maso omwe ankaonongeka. Kenako panabwera laser, yomwe imawotcha mbali yomweyo kuti ileke kutulutsa VEGF, ndipo kafukufuku wa 2003 anaonetsa kuti kuchiza msangako kumapulumutsa maso ambiri. Laser ikagwira bwino nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, koma imafuna makina odula, dokotala wozolowera ndi njira yogonetsera khanda mosamala.

Njira yatsopano ndi jakisoni wa m'diso wa mankhwala oletsa VEGF. Wodziwika kwambiri ndi bevacizumab, yemwe anapangidwira khansa. Kafukufuku wa makanda 150 ku America yemwe anatuluka mu 2011 anaonetsa kuti amagwira bwino kuposa laser pamene matenda ali pafupi ndi pakati pa diso. Pambuyo pake anayesanso ranibizumab ndi aflibercept. Kwa maiko osauka jakisoniyu ndi wokopa: amatenga mphindi zochepa, safuna makina, ndipo botolo limodzi likhoza kuthandiza makanda ambiri. Koma ali ndi msampha wake. Matenda amatha kubweranso patapita masabata kapena miyezi, choncho mwana ayenera kupimidwabe kwa nthawi yaitali kuposa wa laser. Pang'ono pa mankhwalawo pamalowanso m'magazi, ndipo akatswiri akutsatabe zomwe zimenezi zimachita pa kakulidwe ka ubongo ndi mapapo. Kwa banja la kutali ndi chipatala, lomwe kubwerera kulikonse ndi ndalama ya thumba la chimanga, kusankha pakati pa laser ndi jakisoni kuyenera kuganizira mtundawo. Retina ikafika pomatuka pamatsala opaleshoni yovuta, yomwe imachitika m'zipatala zochepa mu Africa muno, ndipo pa gawo 5 kawirikawiri sibweza kuona kothandiza.

Madokotala ndi ochepa, nanga titani?

Wina anganene kuti zonsezi ndi za maiko olemera. Madokotala akuluakulu a maso m'dziko muno ndi ochepa ndipo amapezeka makamaka ku Blantyre, Lilongwe, Zomba, Mzuzu ndi ku Nkhoma, pomwe makanda akubadwira ku Mangochi, Machinga, Nkhotakota, Nsanje ndi Chitipa. Funsoli ndi loona, koma ena analiyankha kale. M'chigawo cha Karnataka ku India, chipatala cha maso cha Narayana Nethralaya chinayambitsa mu 2008 ntchito yotchedwa KIDROP. Anaphunzitsa anthu omwe si madokotala kujambula retina ya khanda ndi kamera yapadera. Anthuwa amayenda pa galimoto m'manazale a m'maboma pa masiku oikika, amatumiza zithunzi pa intaneti kwa dokotala yemwe ali mumzinda, ndipo dokotalayo amanyamuka pokhapokha papezeka mwana wofuna chithandizo. Makamera otsika mtengo akupangidwa, ena akuyesa mafoni a m'manja ophatikiza ndi galasi, ndipo mapulogalamu a kompyuta owerenga zithunzizi akuyesedwa m'maiko angapo.

Ife sitikuyambira pa zero. Tili ndi ma clinical officer a maso omwe amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences, tili ndi ophunzira za kupima maso ku Mzuzu University, ndipo chipatala cha maso cha Lions Sight First chili pabwalo limodzi ndi nazale ya Chatinkha ku Queen Elizabeth. Chomwe maiko omwe apambana anachita n'kulumikiza mbali ziwirizi ndi lamulo lolembedwa: ndi khanda liti lipimidwe, tsiku liti, ndani alilembe m'kaundula, ndani aimbire kholo likapanda kubwera, ndipo lopezeka ndi vuto lipite kuti pasanathe masiku atatu. Ku India nkhaniyi inafika mpaka kubwalo lalikulu la milandu, lomwe mu 2015 linalamula boma la Tamil Nadu kupepesa ndi ndalama zambiri mtsikana yemwe anachita khungu chifukwa makolo ake sanauzidwe kuti maso ake apimidwe. Bwaloli linaona kuti kusauza kholo ndi kulephera udindo.

Enanso anganene kuti pamene makanda akumwalirabe ndi kuzizidwa ndi matenda a m'magazi, ndalama zipite kaye kumeneko. Sitikuona mpikisano pakati pa ziwirizi. Oximeter, namwino woonjezera, madzi osamba m'manja ndi kangaroo zimateteza moyo ndi maso nthawi imodzi. Komanso khungu la khanda ndi la moyo wonse, zaka 60 kapena kupitirira. Ife aphunzitsi tikudziwa kuti mwana wosaona akhoza kuphunzira n'kupambana, ndipo sukulu monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje, pamodzi ndi koleji ya Montfort ku Nguludi yomwe imasula aphunzitsi ake, zaonetsa zimenezo kwa zaka zambiri. Ulemu wa munthu suchepa chifukwa saona. Koma tikudziwanso kusowa kwa mabuku a braille ndi kutalika kwa sukulu zotere, ndipo si chilungamo kusenzetsa mwana katundu ameneyu pamene masiku atatu a chithandizo akanamuchotsera.

Pamene chingwe chimadukira: kunyumba

Ngakhale m'maiko okhala ndi zipangizo zonse, ana ambiri omwe amachita khungu ndi omwe anatuluka m'chipatala n'kusabweranso pa tsiku lopima. Nthawi yomwe ROP imafika poopsa, makanda okulirapo amakhala atatulutsidwa kale. Mayi watopa, wakhala masabata pa benchi ya chipatala, ana ena anawasiya ndi agogo, ndalama zatha, ndipo mwana akuyamwa bwino, akukwera sikelo, maso ake ndi owala. Munthu wosauzidwa chifukwa chake sangaone chobwererera.

Apa pali pomwe miyambo yathu ikukhudzidwa. M'mabanja ambiri mayi ndi khanda satuluka pakhomo kwa masabata angapo, ndipo pakati pathu Asilamu ena amaganiza kuti masiku 40 a nifasi ndi masiku oletsedwa kuyenda. Tinene momveka: nifasi imamupumitsa mayi pa swala ndi kusala, komanso imaletsa kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Simuletsa kukwera minibasi kupita ndi mwana kuchipatala. Tsiku la 30 lili mkati mwa masiku 40 amenewo, ndipo yemwe adikire kuti athe akhoza kufika mochedwa. Kufuna mankhwala sikutsutsana ndi kuyedzamira kwa Allah, ndipo mwana ndi amana yomwe makolo adzafunsidwa. Tikumbutsenso kuti mkaka wa m'mawere wodonthezera m'diso, wanja kapena mankhwala a zitsamba safika ku retina. Zina mwa izo zimangobweretsa matenda ena.

Kholo lililonse lomwe mwana wake wabadwa wosakwana makilogalamu awiri, kapena kutatsala mwezi ndi theka kapena kuposerapo, makamaka ngati anakhala pa okosijeni, lifunse lisanatuluke m'chipatala: kodi mwanayu akufunika kupimidwa maso, liti ndipo kuti? Yankho lilembedwe m'kabuku ka kuchipatala ka mwanayo. Safunsa anadya phula. Abambo, funso limeneli ndi lanunso, ndipo ndalama ya ulendo ikhale yoyamba kusungidwa, ngakhale mbuzi ya aqiqah idikire. Mwanayo akapulumuka ROP apitirize kupimidwa maso akamakula, chifukwa ana obadwa msanga amakonda kukhala ndi vuto losaona patali ndi maso opingasa. Aphunzitsi a ku madrasa ndi ku pulayimale tikaona mwana akuyandikitsa buku kumaso kapena akulephera kuwerenga pa bolodi, tifunse makolo mmene anabadwira tisanamutche waulesi.

Makomiti a mizikiti ndi magulu a amayi a dawa ali ndi gawo losavuta. Amadziwa kale nyumba yomwe mwabadwa mwana, amapita kukazonda, amasonkha sadaka. Kufunsa tsiku lobwerera kuchipatala ndi kuthandiza ndalama ya minibasi ndi sadaka yaing'ono yomwe phindu lake mwana adzayenda nalo moyo wake wonse, ndipo isasankhe chipembedzo cha banjalo. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Alangizi a zaumoyo a m'midzi omwe amayendera makanda a kangaroo aonjezere funso la maso pa mafunso awo.

Kwa Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe omwe akuthandiza manazale, pempho lathu ndi lakuti kupima maso kulembedwe m'dongosolo ndi m'bajeti ya chisamaliro cha makanda, ndi malire oyenera makanda athu, ndipo chiwerengero cha opimidwa chizilengezedwa pa 15 November pamodzi ndi cha opulumuka. Aphungu athu afunse za izi pokambirana bajeti ya zaumoyo. Dziko lomwe linathandiza kupanga Pumani likhoza kukonza kuti khanda lomwe lapuma ndi makinawo lionenso nkhope ya mayi ake.

Tikupempha Allah achize makanda onse omwe ali m'manazale, alimbitse mitima ya makolo awo, ndipo alipire zabwino anamwino ndi madokotala omwe amachezera nawo usiku. Ameen.